Mipira 134: mkono wa woponya, mutu wa mphunzitsi

Ndinayamba kutsatira baseball chifukwa chosowa tulo. Nthawi ya mayeso m'chaka changa chachiwiri ndinkakhala maso mpaka pakati pa usiku, ndipo mutu ukakana manotsi ndinkatsegula YouTube pafoni. Anzanga m'chipinda ankandiseka kuti ndikuthera bandulo pa masewero oti kwathu kuno palibe amawadziwa. Sankanama. Koma tsiku lina ndinapeza kanema wa bambo wina wachikulire, wa imvi, atakhala pamaso pa atolankhani. Timu yake inali itangochita chinthu chomwe inakhala ikuchidikira kwa zaka 50, koma iye mawu ankamuthawa ndipo nkhope inali ya munthu wodandaula. Dzina lake ndi Terry Collins. Ndinafuna kudziwa chomwe chingamulize mphunzitsi pa tsiku lomwe wapambana 8-0, ndipo kufufuza kumeneko ndi komwe kwabala nkhani ino.

Ndiyambe ndi malamulo pang'ono, kuti tiyendere limodzi. Gemu ya baseball imakhala ndi zigawo 9. Pa chigawo chilichonse, woponya mpira ndi anzake amayenera kutulutsa omenya atatu a timu inayo, kutanthauza kuti pa gemu yonse amatulutsa anthu 27. Womenya akaumenya bwino mpira n'kufika pamalo oyamba asanamutulutse, imeneyo imatchedwa hit. Ndiye no-hitter ndi gemu yomwe timu yathera zigawo zonse 9 osapeza hit ngakhale imodzi. Womenya athabe kufika pamalo oyamba mwa njira zina, monga woponya akaphonya kanayi kapena wogwira mpira akalakwitsa. Zikachitika kuti palibe ndi mmodzi yemwe wafika, mwa njira ina iliyonse, imeneyo ndiye perfect game. Mu ligi ya Major League Baseball muli matimu 30 ndipo iliyonse imasewera magemu 162 pachaka, koma ma no-hitter a chaka chimodzi mutha kuwawerenga pa zala.

Kale funso loti woponya apitirize kapena apume silinkavuta. Amene wayamba gemu ankayembekezeka kuimaliza. Mu Juni 1938, Johnny Vander Meer wa Cincinnati Reds anaponya ma no-hitter awiri motsatizana, pa 11 ndi pa 15, ndipo mpaka lero palibe wina wachitaponso zimenezi. Pa 8 Okutobala 1956, Don Larsen wa New York Yankees anaponya perfect game mu World Series, mpikisano wa ndime yomaliza. Nolan Ryan anaponya ma no-hitter 7, yomaliza pa 1 Meyi 1991 ali ndi zaka 44. Anthu okonda zakale amatchula mayina amenewa pofuna kusonyeza kuti amuna a nthawi imeneyo anali olimba. Dzina lomwe salitchula mokwanira pa mkangano umenewu ndi la Sandy Koufax wa Los Angeles Dodgers. Iyeyu anaponya ma no-hitter anayi pakati pa 1962 ndi 1965, anamaliza yekha magemu 27 mu 1965 ndi enanso 27 mu 1966, kenako anasiya kusewera ali ndi zaka 30 zokha chifukwa chigongono chinali chitatheratu ndi nyamakazi. Ryan anali ndi thupi lachilendo. Koufax ndiye akutionetsa mtengo womwe oponya ambiri ankalipira.

Mphunzitsi yemwe dzina lake limabwera msanga tikamakamba zochotsa woponya pakati pa no-hitter ndi Preston Gomez, mbadwa ya ku Cuba, yemwe ankatsogolera San Diego Padres. Pa 21 Julayi 1970, mnyamata wake Clay Kirby anafika kumapeto kwa chigawo cha 8 osapereka hit kwa New York Mets. Vuto linali loti Padres inali ikugonja 1-0, chifukwa Mets inapeza chigoli m'chigawo choyamba popanda hit. Masiku amenewo woponya ankamenyanso mpira ikafika nthawi yake, ndipo oponya ambiri sankadziwa kumenya. Gomez anamuchotsa Kirby n'kulowetsa Cito Gaston kuti amenye m'malo mwake. Gaston sanaphule kanthu, woponya yemwe analowa m'chigawo cha 9 anapereka hit, ndipo Padres inagonja 3-0. Ochemerera anamukuwiza Gomez. Iye anaima pa mfundo yake yoti anamulemba ntchito kuti azipambana magemu. Mu 1974, ali ku Houston Astros, anachitanso chimodzimodzi kwa Don Wilson. Anthu a ku San Diego anadikira mpaka pa 9 Epulo 2021 kuti aone no-hitter yoyamba ya timu yawo, yomwe anaponya Joe Musgrove, ndipo kwa zaka zonsezo ambiri ankati Gomez anawasiyira tsoka.

Taonani kuti Gomez sankaganiza za mkono wa Kirby. Mkangano wa 1970 unali pakati pa ulemu wa munthu mmodzi ndi chipambano cha timu. Nkhani ya mkono inadzalowa pambuyo pake. Mu 1974, dokotala Frank Jobe anachita opaleshoni yatsopano pa chigongono cha woponya wina dzina lake Tommy John, kuchotsa mtsempha pena n'kuuika pomwe panaduka. Opaleshoniyo mpaka lero imadziwika ndi dzina la Tommy John, ndipo oponya ambirimbiri adutsamo. Kuchira kwake kumatenga chaka kapena kuposerapo. Malipiro a osewera atakwera n'kufika mamiliyoni a madola, eni matimu anayamba kuona mkono wa woponya ngati chuma chofunika kuchiteteza, ndipo kuwerenga mipira yomwe munthu waponya kunasanduka gawo la ntchito ya mphunzitsi. Pang'ono ndi pang'ono nambala ya 100 inakhala ngati malire. Woponya akaifika, maso onse amatembenukira kwa mphunzitsi.

Apa ndi pomwe tikubwerera kwa Collins. Timu ya Mets inayamba mu 1962 ndipo pofika 2012 inali isanaonepo no-hitter. Chowawa kwambiri kwa masapota ake chinali choti oponya ngati Nolan Ryan ndi Tom Seaver anakachita zimenezi atachoka ku Mets. Pa 1 Juni 2012, pa gemu ya nambala 8,020 m'mbiri ya timuyi, Johan Santana wa ku Venezuela anakumana ndi St. Louis Cardinals. Santana anali katswiri weniweni, wopambana kawiri mphotho ya Cy Young, ndipo anali pa kontrakiti ya madola 137.5 miliyoni. Koma chaka chonse cha 2011 sanasewere mu ligi chifukwa cha opaleshoni ya phewa, ndipo Collins ankafuna kuti asapitirire mipira pafupifupi 115. Gemu inafika chigawo cha 7, cha 8, hit kulibe, nambala ya mipira ikungokwera. Collins anamusiya. Santana anamaliza ataponya mipira 134, yochuluka kuposa gemu ina iliyonse pa moyo wake wa mu ligi. Bwalo lonse linasefukira ndi chimwemwe, koma mphunzitsiyo anauza atolankhani poyera kuti akuopa kuti mwina wamupweteka mnyamata wake.

Zotsatira zake n'zomwe zimapangitsa kuti nkhaniyi isaiwalike. Santana anaponya bwino magemu ena mu Juni momwemo, mu Julayi anavulala kakolo, kenako zinthu zinasokonekera ndipo mu Ogasiti timu inamupumitsa. Mu 2013 phewa lija linang'ambikanso, ndipo sanaponyenso mu Major League Baseball. Kunena kuti mipira 134 ija ndi yomwe inamumaliza n'kuphweketsa nkhani, poti phewalo linali lovulala kale ndipo panalinso vuto la kakolo. Komabe mphunzitsi aliyense yemwe anabwera pambuyo pake anaona zomwe zinachitika, ndipo aliyense anadzifunsa ngati angakonde kusenza katundu womwe Collins anasenza.

Dave Roberts wa Dodgers anayankha funsoli kangapo, ndipo pa nthawi zitatu izi anasankha mkono. Pa 8 Epulo 2016, patangotha masiku ochepa chiyambireni magemu a chaka chake choyamba pa ntchitoyo, anachotsa Ross Stripling m'chigawo cha 8, ataponya mipira 100 osapereka hit. Inali gemu yoyamba ya Stripling mu ligi, ndipo anali atachitidwa opaleshoni ya Tommy John mu 2014. Yemwe analowa m'malo mwake anamenyedwa mpira mpaka kunja kwa bwalo nthawi yomweyo, ndipo Dodgers inagonja kwa San Francisco Giants. Mu Seputembala chaka chomwecho anachotsa Rich Hill ataponya zigawo 7 za perfect game, poopa matuza omwe ankamuvutitsa pa zala. Pa 13 Epulo 2022 anachotsa Clayton Kershaw, nayenso ataponya zigawo 7 zopanda banga, mipira 80 yokha, poti kukonzekera kwa chaka chimenecho kunafupikitsidwa ndi mkangano wa eni matimu ndi osewera, komanso Kershaw anali atangochira kumene mkono. Kershaw mwini wake anati chiganizocho chinali cholondola. Masapota ambiri sanamve zimenezo.

Wina atha kunena kuti ndiye njira yotetezeka ndi kumusiya woponya kuti amalize, anthu asangalale. Mbiri ikukana. Pa 25 Juni 2010, A.J. Hinch wa Arizona Diamondbacks analola Edwin Jackson kuponya mipira 149 mpaka kumaliza no-hitter. Pasanathe sabata Hinch anachotsedwa ntchito, poti timu inali kumunsi kwa ndandanda ndipo usiku umodzi wa chikondwerero sunasinthe zimenezo. Ngakhale pa magemu omwe si a no-hitter, mpeni umadula mbali zonse. Mu 2003, Grady Little wa Boston Red Sox anamusiya Pedro Martínez atatopa pa gemu yomaliza yolimbirana malo mu World Series, Yankees inabweza zigoli n'kupambana, ndipo ntchito ya Little inathera pomwepo. Mu 2020, Kevin Cash wa Tampa Bay Rays anachotsa Blake Snell akuponya bwino kwambiri pa gemu yachisanu ndi chimodzi ya World Series, timu yake inagonja, ndipo dziko lonse la baseball linamunyoza. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Pali kusiyana kumodzi pakati pa Little ndi Cash komwe kukusonyeza momwe mphamvu zasinthira. Little anatsata mtima wake ndipo anachotsedwa. Cash anatsata ndondomeko yomwe timu yake inkagwiritsa ntchito chaka chonse, yochokera pa ziwerengero zosonyeza kuti woponya amayamba kuwerengeka omenya akamuona kachitatu pa gemu imodzi, ndipo ntchito yake sinagwedezeke. Mphunzitsi wa lero sasankha yekha. Kumbuyo kwake kuli akatswiri a ziwerengero, madokotala ndi mabwana a muofesi. Koma yemwe amayenda kupita pakati pa bwalo kukalanda mpira m'manja mwa woponya, anthu masauzande akumukuwiza, ndi iyeyo yekha. Enawo nkhope zawo sizioneka pa kanema.

Ngakhale no-hitter yeniyeniyo yasintha maonekedwe. Pa 2 Novembala 2022, mu World Series, Dusty Baker wa Astros anachotsa Cristian Javier ataponya zigawo 6 popanda hit, ndipo oponya ena atatu anamaliza ntchitoyo pogonjetsa Philadelphia Phillies. Inalembedwa ngati no-hitter, yachiwiri m'mbiri ya World Series kuchokera pa ija ya Larsen, koma ya anthu anayi. Ndikuvomereza kuti pali china chomwe chatayika. Kukoma kwa no-hitter kunali kuona munthu mmodzi, atatopa, akulimbana ndi omenya atatu omaliza. Mayina anayi sakhala m'mutu ngati dzina limodzi.

Komabe mukandifunsa mbali yomwe ndili, ndili ndi Roberts. Chifukwa changa n'chakuti pa anthu onse omwe ali m'bwalo usiku umenewo, mphunzitsi yekha ndi amene ntchito yake imamukakamiza kuganiza za mawa. Sapota akufuna nkhani yokakamba kunyumba. Woponya, magazi atatentha, sangavomere kuti watopa, ndipo palibe katswiri yemwe angapereke mpira mwa kufuna kwake atatsala ndi anthu asanu ndi mmodzi. Ngati mphunzitsi naye atengeka ndi phokoso, ndiye kuti palibe wotsala woyang'anira mkonowo. Sindikumuweruza Collins, chifukwa zaka 50 za kudikira ndi katundu wolemera, ndipo Santana anali munthu wamkulu wodziwa chomwe ankafuna. Koma nkhope yomwe ndinaiona mu kanema uja inali ya munthu yemwe ankadziwa kuti walola chinthu chomwe iye mwini anali atanena kuti sadzalola.

Ambiri a ife tikamaliza sukulu tidzapatsidwa anthu oti tiwayang'anire, kaya kuchipatala, kusukulu kapena pa ntchito ya zomangamanga. Lidzafika tsiku lomwe wantchito wathu waluso kwambiri adzakhala atatopa, iye akunena kuti angathe, mabwana akufuna zotsatira, ndipo aliyense akuombera m'manja. Zikadzayenda bwino, adzatamandidwa ndi iyeyo. Zikadzavuta, adzafunsa kuti woyang'anira anali ndani. Chomwe ndaphunzira kwa aphunzitsi a baseball n'chakuti chiganizo chiyenera kuyezedwa ndi zomwe munthu ankadziwa pa nthawi yomwe ankachipanga, osati ndi momwe gemu inathera. Roberts anagonja usiku uja wa mu Epulo 2016. Stripling anaponyabe mu ligi kwa zaka zingapo pambuyo pake, ndipo mu 2018 anasankhidwa kukasewera gemu ya akatswiri okhaokha ya All-Star.