Kutontholetsa jini pogwiritsa ntchito vairasi

Kutontholetsa jini pogwiritsa ntchito vairasi ndi njira imene akatswiri a sayansi amatsata pofuna kudziwa ntchito ya jini linalake m'maselo a munthu. Jini ndi kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni, ndipo dzinali silikukhudzana ndi majini a mizimu. Akatswiri amatenga vairasi imene aichotsa mphamvu yodwalitsa, n'kuisenzetsa uthenga woletsa jinilo kugwira ntchito, kenako amaona chimene chasintha m'selo. Vairasi imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa ntchitoyi inapangidwa kuchokera ku HIV-1, kachilombo koyambitsa Edzi.

Mmene jini limatontholera

Selo likafuna puloteni, limakopera malangizo a jini pa kachingwe kotchedwa mRNA. Mu 1998, Andrew Fire ndi Craig Mello anapeza kuti RNA ya zingwe ziwiri ikalowa m'kanyongolotsi kotchedwa Caenorhabditis elegans, mRNA yofanana nayo imawonongedwa. Analandira mphoto ya Nobel mu 2006. Mu 2001, gulu la Thomas Tuschl ku Germany linasonyeza kuti tizidutswa ta RNA ta zilembo 21 timachita chimodzimodzi m'maselo a munthu.

Vuto linali lakuti tizidutswati timatha pakangopita masiku ochepa. Mu 2002, akatswiri a ku Amsterdam ndi ku Cold Spring Harbor anakonza zoti selo lizidzipangira lokha RNA yopindika ngati chipini cha tsitsi, yotchedwa shRNA. Puloteni yotchedwa Dicer imadula chipinicho, ndipo chingwe chimodzi chimatsogolera gulu la mapuloteni lotchedwa RISC kukadula mRNA. Jini lenilenilo silichotsedwa. Limangochepetsedwa mawu, ndipo kawirikawiri puloteni pang'ono imatsalabe.

Chifukwa chake anasankha HIV

HIV ndi ya m'gulu la ma lentivirus. Imalowetsa majini ake mu DNA ya selo, ngakhale selo limene silikugawikana, ndipo sachokamonso. Khalidwe limeneli ndi limene limachititsa kuti mankhwala a ARV azimwedwa moyo wonse, monga amadziwira anthu a ku Masambanjati ndi madera ena a boma la Thyolo, kumene bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka mankhwalawa mu 2003. Mu labotale khalidwe lomweli ndi phindu: uthenga ukalowa kamodzi, maselo onse obadwa ku selo limenelo amautengera.

Mu 1996, Luigi Naldini, Didier Trono ndi Inder Verma a ku Salk Institute ku California anafalitsa njira yosandutsira HIV kukhala chonyamulira. Njira imene inatuluka mu 1998 imagwiritsa ntchito majini 3 okha mwa majini 9 a HIV: gag, pol ndi rev. Chikuto cha HIV amachichotsa n'kuikapo puloteni ya vairasi ina yogwira ng'ombe ndi akavalo, yotchedwa VSV, kuti ithe kulowa m'maselo amitundumitundu. Zigawo zimenezi amaziika pa tizidutswa ta DNA tosiyanasiyana m'maselo otchedwa 293T, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu amakolola vairasi m'madzi amene maselowo akukuliramo. Vairasi yotereyi imalowa m'selo kamodzi kokha, singaberekane, chifukwa majini oberekera sanapakiridwe m'kati mwake. Nthawi zambiri amaonjezapo jini lowala mobiriwira kapena lopirira mankhwala a puromycin kuti azindikire maselo amene alandira uthenga.

Majini otumiza uthenga m'selo

Maselo amalandira uthenga kudzera m'mapuloteni a pa khungu lawo, ndipo uthengawo umapatsiranidwa m'kati mpaka selo likule, lisunthe kapena life. Jini la KRAS ndi limodzi mwa amenewa, ndipo limapezeka litasokonekera m'khansa zambiri za kapamba. Mu 2002, Thijn Brummelkamp, René Bernards ndi Reuven Agami analitontholetsa m'maselo a khansayi pogwiritsa ntchito retrovirus, ndipo maselowo analephera kupanga chotupa m'mbewa.

Chitsanzo choyandikira kwathu ndi CCR5. Puloteni imeneyi imauza maselo oteteza thupi kumene kuli matenda, koma HIV imaigwiritsanso ntchito ngati khomo. Anthu ochepa, makamaka a kumpoto kwa Ulaya, amabadwa opanda CCR5 yogwira ntchito ndipo mitundu yambiri ya HIV siwalowa. Ku Africa chibadwa chotere n'chosowa kwambiri. Mu 2003, gulu la David Baltimore ndi Irvin Chen linagwiritsa ntchito lentivirus kutontholetsa CCR5 m'maselo a magazi a munthu, ndipo HIV inavutika kulowamo. Njirayi inayesedwapo pa anthu ochepa ku United States, koma si mankhwala opezeka m'zipatala, ndipo silowa m'malo mwa ARV.

Zovuta zake

ShRNA imatha kudula mRNA ya jini lina losafunidwa ngati zilembo zake zikufananako, ndipo wofufuza wosasamala amanamizira jini losalakwa. N'chifukwa chake kafukufuku wodalirika amagwiritsa ntchito ma shRNA awiri kapena kuposa pa jini limodzi, kenako amabwezeretsa jinilo kuti aone ngati selo libwerera mwakale. Kuchuluka kwa shRNA nakonso n'koopsa: mu 2006, gulu la Mark Kay ku Stanford linanena kuti mbewa zambiri zinafa ndi matenda a chiwindi zitapatsidwa shRNA yochuluka kudzera mu vairasi ya AAV. Komanso vairasi ikhoza kutera pafupi ndi jini loyambitsa khansa, monga zinachitikira ana ena amene ankathandizidwa ndi retrovirus yamtundu wakale ku Paris. Kuchokera mu 2013, ofufuza ambiri anasamukira ku CRISPR, imene imawononga jinilo kotheratu, ngakhale kuti nayonso kawirikawiri imanyamulidwa ndi lentivirus. ShRNA ikadali yofunika pa majini amene selo limafa likawataya onse.

M'zomera

Zomera zimagwiritsa ntchito njira yodula RNA podziteteza ku mavairasi, ndipo Andrew Hamilton ndi David Baulcombe anaona tizidutswa take m'zomera mu 1999. Akatswiri ena ayesa kuilimbikitsa m'nthochi polimbana ndi chisaka, matenda ofalitsidwa ndi nsabwe za nthochi amene anachititsa alimi ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje kuzula minda yawo. Pamenepa jini lotontholetsedwa limakhala la vairasi, ndipo chonyamulira chake kawirikawiri ndi bakiteriya ya m'nthaka yotchedwa Agrobacterium. Ku Malawi, ntchito yosintha majini a zamoyo imayendetsedwa ndi lamulo la Biosafety Act la 2002.