Mendulo, Choko ndi Kaundula

Pamaliro a msilikali wakale

Akamwalira gogo amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamaliro pamamveka za nkhondoyo basi. Mendulo zimaikidwa pabokosi. Wowerenga mbiri amatchula Burma mokweza mawu, koma akafika pa uphunzitsi ndi pa ntchito ya m'boma amangoti malemuwa anagwira ntchito m'malo osiyanasiyana mpaka anapuma. Pamenepa ndikuona kuti timalakwitsa muyeso. Tiyerekeze munthu wobadwa mu 1925. Mu 1944 anali ndi zaka 19, ali kunkhondo. Pamene Malawi inkalandira ufulu mu 1964 anali ndi zaka 39, ndipo mu 1994 anali ndi zaka 69. Nkhondo inamutengera zaka zitatu kapena zinayi. M'kalasi ndi mu ofesi anatheramo zaka makumi atatu kapena kuposerapo, ndipo ntchito ya zaka zimenezo ndi imene tikuidyerera lero.

Anyamata a Keyala

Gulu la asilikali la King's African Rifles, limene makolo athu ankangoliti Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902. Anyamata a ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Moyale mu 1940, n'chifukwa chake malo a asilikali a ku Mzuzu ali ndi dzina limenelo. Ena anapita ku Madagascar mu 1942, ena ku Burma mu 1944, kumene mvula, matope ndi malungo zinawazunza m'chigwa cha Kabaw. Zimenezi sitingazichepetse. Koma kumeneko anaphunzirakonso zina. Ena anaphunzira kuwerenga ndi kulemba makalata, ena kuyendetsa galimoto, kumanga mabala kapena kusunga kaundula wa katundu. Anaonanso ndi maso awo kuti mzungu naye amaopa, amadwala, amafa. Munthu wotere akabwera kumudzi sankaonanso bwana DC monga ankamuonera kale.

Ntchito yopanda nsanja

Nkhondo itatha mu 1945, dziko linali ndi anthu ophunzira ochepa kwambiri. Sekondale ya Blantyre inali itatsegulidwa mu 1940, ya Katolika ya ku Zomba mu 1942, ndipo ya ku Dedza inadzabwera mu 1951. Motero wodziwa cholembera ankafunika paliponse. Msilikali wobwera kunkhondo ankayamba wapita ku maphunziro a uphunzitsi, monga ku Domasi, n'kukaphunzitsa pasukulu ya kumudzi. Pambuyo pake ankalowa m'boma kukhala kalaliki, womasulira kukhoti kapena woyendera masukulu. Ntchito yake inali yobwerezabwereza: kulemba a, e, i, o, u pabolodi, kugwira dzanja la mwana kuti choko chisaterereke pasileti, kuitana mayina m'mawa uliwonse. Mu ofesi namo zinali chimodzimodzi, kudinda makalata, kuwerenga ndalama za malipiro, kusunga fayilo kuti isadyedwe ndi chiswe. Ku Zomba kuli nsanja yokumbukira asilikali a Keyala, ndipo mwezi wa Novembala chaka chilichonse kumakhala mwambo wa nkhata za maluwa. Choko ndi kaundula zilibe nsanja. Komatu pa 6 Julaye 1964 mbendera itasintha, m'mawa mwake m'masukulu ndi m'maofesi munafunika anthu odziwa kale ntchito. Azungu akamachoka mmodzimmodzi, amene ankadziwa pamene pali kiyi ndi fayilo anali anthu ngati amenewa.

Kodi sinali nkhondo ya eni?

Wina angatsutse kuti munthuyu anamenyera mfumu ya ku Britain, ndiye palibe chomutamandira. Funsoli silachilendo. John Chilembwe analifunsa kale mu 1914, pamene analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene sinali yawo. Ndi zoonanso kuti ndalama yothokoza imene msilikali wakuda analandira nkhondo itatha inali yochepa kuposa ya mzungu wa udindo womwewo. Koma mfundo imeneyi ikutsutsa amene anamutumawo, osati mnyamatayo. Ambiri analowa usilikali chifukwa cha msonkho, umphawi, kapena chifukwa mfumu yawo inauzidwa kuti ipereke anthu. Ndipo ngati nkhondo inali ya eni, ndiye kuti tiyang'anitsitse kwambiri zaka zimene anagwirira ntchito ana a kwawo. Mendulo anapatsidwa ndi atsamunda. Ana amene anawaphunzitsa kuwerenga ndi a kuno, ena mwa iwo ndi agogo tsopano.

Nanga za chipani chimodzi?

Chotsutsa china n'cholemerapo. Wogwira ntchito m'boma pa nthawi ya Kamuzu ankatumikira ulamuliro umene unkatsekera anthu popanda mlandu, ndiye ena amati nayenso anali mbali ya nkhanzazo. Alipodi amene anapereka anzawo kuti akwezedwe, ndipo mbiri yawo isabise zimenezo. Koma kuika onse m'thumba limodzi n'kusadziwa mbiri. Mu Seputembala 1964, nduna zitasemphana ndi Kamuzuyo, ogwira ntchito m'boma ambiri ku Zomba anali kumbali ya ndunazo, ndipo ena anachotsedwa ntchito, ena anamangidwa. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kubwerera ku zigawo za kwawo, ndipo a kumpoto anasiya masukulu amene anawatumikira zaka zambiri. Wantchito wa m'boma nayenso ankakhala mwamantha. Choncho wowerenga mbiri pamaliro afunse zinthu zenizeni: malemuwa anaphunzitsa sukulu ziti, chaka chiti, anasamutsidwa kangati ndipo pa chifukwa chanji. Mayankho ake ali m'makalata a ntchito ndi a penshoni amene mabanja amasunga m'sutikesi, kwa ophunzira awo akale, ndiponso ku nyumba yosungirako zolemba zakale za boma ku Zomba.