Za Cikoti ndi Mirandu ya Asilikari

Boma likafuna kukonza malamulo oweruzira asilikari, kapena kupangana ndi maiko ena za kuthandizana pa nkhondo, ambiri a ife timayesa kuti nkhaniyo nja akuru a ku Nyumba ya Malamulo okha. Koma msilikari ndiye mwana wa m'mudzi mwathu, ndipo mbiri itiphunzitsa kuti cilungamo cinacedwa kumfika iye.

Tiyambe ndi Angerezi, pakuti gulu la King's African Rifles, limene linakhazikika m'caka ca 1902, momwe makolo athu ankalowa ku Zomba, linatsata mwambo wao. Kale msilikari wa Angerezi akalakwa ankamkwapula pamaso pa anzace. M'caka ca 1846 wina, dzina lace Frederick White, analandira zikoti 150 ku Hounslow, namwalira patapita masabata owerengeka. Anthu anapfuula ndi mkwiyo, ndipo zikoti zinacepetsedwa kufikira 50. Mu 1868 analetsa kukwapula pa nthawi ya mtendere, ndipo mu 1881 anakuletsa ngakhale kunkhondo.

Koma cifundo ici sicinaoloke nyanja. Akuru a nkhondo anati m'thengo mulibe ndende, natinso munthu wakuda samva cilango cina. Comweco makolo athu anamenya nkhondo ndi Ajeremani kuyambira 1914, nafika ku Abyssinia mu 1941 ndi ku Burma mu 1944, cikoti cikali m'malamulo ao. Cinacotsedwa mu 1946, zitapita zaka 65 cicokere pamsana pa Mngerezi. Mfumu yao inali imodzi ndi mdani mmodzi, koma malamulo awiri.

Bwalo lomwe la asilikari linali ndi cirema cace. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna 306 a ufumu wa Angerezi anaomberedwa cifukwa ca kuthawa, mantha ndi zolakwa zina zotere, ngakhale ena a iwo anali atasokonezeka mutu ndi mizinga. Ndipo panalibe bwalo lina lokadandaulako. Mu 1930 cilango ca imfa pa mlandu wa kuthawa ndi mantha cinathetsedwa. Mu 1951 anaika bwalo lomva madandaulo a oweruzidwa. Mu 1997 bwalo la ufulu wa anthu la ku Strasbourg linatsutsa mwambo wakuti mkuru mmodzi yemweyo asankhe mlandu, asankhenso oweruza mwa anyamata ace, ndi kutsimikiza ciweruzo cao. Ndipo mu 2006 amuna aja 306 anakhululukidwa. Akale anati mlandu suola. Koma eni mlandu anali ataola m'manda.

Tsono maiko akagwirizana, msilikari amakhala mlendo kwa eni, ndipo pamabuka funso lina: akalakwa kumeneko, amweruza ndani? Maiko a NATO anapangana ku London mu 1951 kuti wolakwa ali pa nchito yace, kapena wolakwira mnzace wa gulu lace, ayambe kumweruza ndi akwao. Mirandu yina ikhale ya eni dziko. Pansi pa United Nations, monga muja asilikari a Malawi anapita ku Congo mu 2013 pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa, msilikari aweruzidwa ndi dziko lace lokha. Cifukwa cace bwalo la kwathu likakhota, abvutika ndi awiri: mwana wathu wonamiziridwa, ndi mkazi kapena mwana wa eni dziko amene analakwiridwa ndithu.

Potero, abale, mukamva za lamulo latsopano la asilikari, musacite manyazi kufunsa aphungu anu zinthu zitatu. Kodi woweruza ali womasuka kwa mkuru amene akunenera msilikari mlandu? Kodi wotsutsidwa ali nako kokadandaula? Nanga kunja kwa dziko, wolakwiridwa adzapeza kuti cilungamo? Gulu la nkhondo siliima popanda mwambo wolimba, ici tibvomera. Koma munthu womtuma kukafera dziko, dzikolo liyenera kumva mau ace lisanamlange.