Legco: Nyumba ya Malamulo ya atsamunda yomwe inkagamula za msonkho ndi makalata a anthu a ku Dedza

Mukamamva aphungu akukangana za bajeti ku Lilongwe, dziwani kuti nkhaniyi inayamba kale. Nyumba ya Malamulo yomwe tili nayo lero ndi mdzukulu wa bungwe la atsamunda lotchedwa Legislative Council, mwachidule Legco. Nazi mfundo zofunika kuzidziwa, komanso momwe bungweli linkakhudzira agogo athu kuno ku Dedza.

Kodi Legco inali chiyani?

Inakhazikitsidwa mu 1907, chaka chomwe dziko lino linasintha dzina kuchoka pa British Central Africa kukhala Nyasaland. Inkakumana ku Zomba ndipo wapampando wake anali bwanamkubwa. Woyamba anali Alfred Sharpe. Ntchito yake inali kupanga malamulo, kuika misonkho ndi kuvomereza ndalama zomwe boma ligwiritse ntchito pachaka.

Poyamba munali akuluakulu a boma atatu ndi azungu ena atatu osankhidwa ndi bwanamkubwa. Munthu wakuda munalibe olo mmodzi. Amati m'busa wachizungu ndiye aziyankhulira Aafirika, ndipo ena mwa omwe anakhalapo pampando umenewu ndi Alexander Hetherwick wa ku Blantyre Mission ndi Robert Laws wa ku Livingstonia. Ndiye tangoganizani: msonkho ukupereka ndiwe, koma pokambirana za ndalamazo akukuyankhulira ndi mlendo.

Ndalama zinkachokera kuti, nanga zinkapita kuti?

Thumba la boma linkadalira kwambiri msonkho wa nyumba. M'zaka za m'ma 1890 unali masheleni atatu pachaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaukweza kufika pa masheleni 6, koma amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka. Cholinga chake mwachionera kale: kukankhira anthu kuminda ya azungu. Ena anangoti bola kupita ku Salisbury kapena ku Joni.

Ndalamazo zinkalipira akuluakulu a boma, apolisi ndi asilikali, pomwe sukulu zambiri zinali m'manja mwa mamishoni. Ngongole za njanji nazonso zinkadya gawo lalikulu. Mlatho wa pa Zambezi unatsegulidwa mu 1935, ndipo nthawi yomweyo njanji inafika ku Salima kudzera ku Golomoti ndi Mtakataka, kumunsi kwa mapiri athuwa. Komanso Legco sinali ndi mawu omaliza ayi. Bajeti inkayenera kuvomerezedwa ku London.

Malamulo ena anafika mpaka pabwalo la mfumu. Lamulo la 1912 linaika mafumu akuluakulu oti azithandiza a DC, kuphatikizapo pa nkhani ya msonkho, ndipo la 1933 linawapatsa makhoti ndi mphamvu zoyendetsa madera awo. Umu ndi momwe mipando ngati ya Kachindamoto inalowera m'dongosolo la boma.

Nanga za makalata?

Ntchito ya positi inayamba mu 1891, Legco isanabadwe. Masitampa oyamba anali a kampani ya British South Africa Company, anangodindapo zilembo zoti B.C.A. Magalimoto kunalibe, choncho makalata ankayenda pamutu. Anthu onyamula matumbawa, amtengatenga, ankavala yunifolomu yofiira n'kumayenda wapansi kuchoka boma lina kupita boma lina, usana ndi usiku, m'tchire muli mikango. Amene anakwerapo chitunda cha Golomoti wapansi akudziwa tanthauzo la kufika ndi thumba pa Dedza boma. Kanyumba komwe ankapumulirako kadakalipo pa Namaka, mumsewu wa Blantyre kupita ku Zomba, ndipo pano n'kosungirako mbiri ya positi.

Kwa mabanja a kuno, positi ofesi ndiyo inali Airtel Money ya nthawiyo. Bambo ali ku migodi ankatumiza kalata ndi kandalama, mayi n'kupita kukatenga, nthawi zambiri n'kukalipira msonkho womwewo. Malipiro a amtengatenga ndi kumanga maofesi zonse zinkadutsa mu bajeti ya ku Zomba. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, positi inapita m'manja mwa boma la ku Salisbury, ndipo kuyambira 1954 masitampa ankalembedwa kuti Rhodesia ndi Nyasaland. Masitampa a Nyasaland payokha anabwereranso mu 1963.

Anthu akuda analowa liti?

Zinatenga zaka zoposa 40. Mu 1949 ndi pomwe Ellerton Mposa ndi Alexander Muwamba analowa, koma anachita kuikidwa ndi bwanamkubwa. Mu 1956 mipando ya Aafirika inafika isanu ndipo anasankhidwa kudzera m'makhonsolo a zigawo: Masauko Chipembere, Kanyama Chiume, Ralph Chinyama, N.D. Kwenje ndi Dunstan Chijozi. Chipembere anali atagwirapo ntchito ya boma konkuno ku Dedza. Iye ndi Chiume ankapanikiza akuluakulu a boma ndi mafunso moti Hansard, buku lolembamo zoyankhulidwa m'nyumbayo, linayamba kuwerengedwa ngati nyuzipepala.

Chisankho chachikulu chinachitika pa 15 August 1961, pomwe Malawi Congress Party inapambana mipando yonse 20 ya kaundula wa m'munsi, momwe munali ovota ambiri achikuda. Dedza inatumiza John Tembo, yemwe anali mphunzitsi, ndipo mu 1964 anakhala nduna ya zachuma. Chaka chomwecho, pa 6 July, dziko linalandira ufulu.

Zikutikhudza bwanji ife?

Agogo athu ankalipira msonkho popanda wowafunsa maganizo. Ife timalipira pa yuniti iliyonse ndi pa paketi ya shuga, koma kusiyana kwake n'koti tili ndi phungu yemwe tinamusankha tokha. Hansard ikulembedwabe mpaka lero. Ndiye bajeti ikamakambidwa, musangothera pa ma meme. Fufuzani kuti phungu wanu wayankhulapo chiyani za msewu, msika ndi chipatala cha kwanu, ndipo akabwera kumudzi mukamufunse. Mpando umenewo anthu anaudikira zaka zoposa 50.