Kupweteka kwa nsagwada: zizindikiro ndi zoyambitsa

Ikani zala kutsogolo kwa makutu, kenako tsegulani pakamwa. Chimene chikusuntha pansi pa zalazo ndi mfundo yolumikiza nsagwada ya m'munsi ndi chigaza, imene madokotala amaitcha TMJ. Pakati pa mafupa awiriwa Allah anaikapo kamnofu kolimba kokhala ngati kamtsamiro, koteteza kuti mafupawo asakhulane tikamatafuna, kuyankhula kapena kuwerenga Qur'an.

Mfundoyi kapena minofu yoizungulira ikavutika, munthu amamva kuwawa pafupi ndi khutu, m'masaya ndi m'mbali mwa mutu, makamaka potafuna. Ambiri amangoti ndi khutu, ndipo amathiramo mankhwala mwezi wathunthu pomwe khutulo lilibe vuto. Ena nsagwada imalira kuti "kho" poyasamula, ena imakanirira osatseguka bwino. Munthu wabwinobwino amatha kulowetsa zala zitatu zosanjikiza pakati pa mano a m'mwamba ndi a m'munsi. Kulira kokha popanda ululu sikufuna chithandizo. Vutoli limagwira kwambiri amayi, makamaka a zaka 20 mpaka 40.

Chimodzi mwa zoyambitsa ndi kukukuta kapena kulumanitsa mano, nthawi zambiri kutulo, mwini wake osadziwa. Amene amamva ndi mnzake wogona naye. Nkhawa imawonjezera chizolowezichi, nchifukwa chake sitidabwa mwana akayamba kudandaula nsagwada mayeso a MSCE atayandikira. Palinso kumenyedwa kapena kugwa, nyamakazi, kutafuna chingamu tsiku lonse, kusenda nzimbe ndi mano ndiponso kuyasamula mopitirira. Apa Sunnah ikutithandiza, popeza tinaphunzitsidwa kubweza kuyasamula momwe tingathere ndi kutseka pakamwa ndi dzanja.

Ambiri amachira okha pakapita masabata angapo. Idyani zofewa monga phala, nthochi ndi nsomba yophika, musiye kaye chimanga chokazinga, ndipo thowani patsaya ndi kansalu kofunda. Ibuprofen amachepetsa ululu koma sayenera kumwedwa m'mimba muli mopanda kanthu, choncho mu Ramadhan mumwe mutadya futari. Amayi oyembekezera ndi odwala zilonda za m'mimba afunse kaye kuchipatala.

Nsagwada ikaguluka n'kukana kutsekeka, musaikankhe nokha. Thamangiraninso kuchipatala tsaya likatupa thupi likutentha, ululu wa nsagwada ukabwera pamodzi ndi kuwawa pachifuwa, kapena nsagwada zikauma patapita masiku mutabayidwa ndi msomali kapena mbedza, chifukwa kameneko kangakhale kafumbata.