Zaka 20 za Chongoni: Tikukumbukira Ojambula Opanda Maina

Mu July 2006, ku Vilnius, bungwe la UNESCO lidalemba malo 127 a zojambula za m'mapiri a Chongoni m'kaundula wa chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Papita zaka 20, ndipo pokumbukira tsikulo mtima umanyada, komanso umalemera, pakuti mwa onse amene adajambula pa matanthwe a Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi, palibe ndi mmodzi yemwe amene timam'dziwa dzina.

M'zaka za m'ma 1800, ojambula ena ku Ulaya adaleka kukometsa nkhope za olemekezeka nayamba kujambula anthu wamba monga analili. Mu 1850 Gustave Courbet adatsiriza chithunzi chachikulu cha maliro a kwawo ku Ornans, ndipo anthu a m'mudzimo, ndi makwinya awo omwe, akuonekabe mpaka lero ku Paris. Kuno ku Dedza zaka zotsatira zidali za liwiro. Angoni a Maseko adakhazikika ku Domwe, ogula akapolo ankapululutsa midzi, ndipo Achewa ambiri adathawira m'mapiri. Amene adafera m'nkhondozo, ndi amene adamangidwa magoli kulowera kunyanja, adapita ndi nkhope zawo.

Komatu otsalawo sadakhale manja lende. Ankaviika chala m'dothi loyera ndi kujambula pathanthwe zimene sadafune kuti zife nawo. Abambo adajambula zilombo za gule wamkulu, monga kasiyamaliro, pa nthawi imene dambwe lidali pa mpanipani wa nkhondo kenaka wa amishoni. Amayi nawo adajambula zizindikiro za chinamwali, zimene anamkungwi ankalangira nazo atsikana. Ine ndimaona kuti ichi ndi chithunzi choona cha mtundu wathu pa masiku ake owawitsa, ndipo sichichepa pamaso pa cha Courbet.

Pansi pa zoyerazo pali zofiira, zakale koposa, za Akafula aja timawatcha Amwandionerapati. Katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark atakumba pa phanga la Mwana wa Chencherere mu 1972 adapeza zida zawo zamiyala, koma chinenero chawo chidapita nawo, ndipo wowalira maliro palibe.

Lero mitengo yotchinga mapangawa ikugwa, moto wolusa ukudetsa matanthwe, ndipo ena akulemba maina awo ndi makala pamwamba pa zojambulazo. Zimene zidapulumuka nkhondo ndi ukapolo zikufufutika tili chipenyere, m'masiku a mtendere.