Mwana wa ku Chipata Amene Anamwetsa Zigoli ku Scotland

Inu anyamata amene mumamenya mpira wacikulunga m'mabwalo a fumbi ku Kapata ndi ku Mchini, kodi mudziwa kuti Fashion Sakala anabadwira konkuno ku Chipata? Anabadwa m'caka ca 1997.

Ambiri amangokumbukira za Rangers, koma njira yake inali yokhotakhota. Anayamba wacoka kwao kupita ku Chingola, kukasewerera Nchanga Rangers, kenaka Zanaco ku Lusaka. Mu 2017 anali m'timu ya acinyamata imene inatenga cikho ca Africa, itagonjetsa Senegal 2-0 pa Heroes Stadium. Dziko lonse linavina tsikulo!

Mwina muganiza kuti pamenepo zonse zinayera. Iyayi. Ku Russia, dziko lozizira koopsa, anakasewera m'timu yaciwiri cabe ya Spartak Moscow. Mnyamata wina akanafooka nabwerera kumudzi. Iye anapirira, ndipo mu 2018 anasamukira ku Oostende, timu yaing'ono ya ku Belgium, kumene anakhala zaka zitatu. Kunena zoona, zaka zimenezi ndizo zinamuumba, ngakhale kuti sizichulidwa kawirikawiri.

Mu 2021 anafika ku Rangers ya ku Glasgow, pansi pa mphunzitsi Steven Gerrard, Mngelezi uja amene anali kaputeni wa Liverpool. Mu October caka comweco Sakala anamwetsa zigoli zitatu pa masewera amodzi ndi Motherwell. Mu 2022 timu yake inatenga Scottish Cup, ndipo mu 2023 iye anapita ku Al-Fayha ku Saudi Arabia.